BAMBO LEONARD KAMUNGU (1877–1913): WANSEMBE WA KU NYANJA AMENE ANAGONA PA MSORO

M'kabuku kano ka cikondwerero ca zaka 50 za mpingo wathu mwalembedwa maina a abusa, akulu a mpingo, amai ndi abambo amene anatitsogolera kucokera paciyambi. Tinaona kuti ndi bwino kupatulako masamba ocepa kuti tikumbukirenso munthu mmodzi amene sanapempherepo nafe, popeza anamwalira Kapata asanakhale komboni monga tiidziwira lero. Munthuyo ndi Bambo Leonard Mattiya Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican, amene manda ao ali pa Msoro, m'cigawo cathu cino ca Kum'mawa. Zaka zambiri za utumiki wao anazithera pakati pa Asilamu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo zaka zotsiriza anazithera pakati pa Akunda. Ife a mu Chipata tikhala pamodzi ndi Asilamu tsiku ndi tsiku, ndiye moyo wa bambo amenewa uli ndi zotiphunzitsa.

MWANA WA M'MBALI MWA NYANJA

Leonard anabadwa ca m'ma 1877 pa mudzi wa Chia, kugombe la kum'mawa kwa nyanja, dera limene lero lili m'cigawo ca Niassa ku Mozambique. Nthawi imeneyo inali ya mantha. Angoni ochedwa Magwangwara anali kutsika kucokera kumpoto kudzafunkha midzi, ndipo ogula akapolo anali kudutsa ndi magulu a anthu omangidwa kulinga kunyanja yaikulu ya mcere. Anthu a m'mbali mwa nyanja anali kukhala mothithikana m'malinga, ena m'madambo ndi pa zisumbu, kuti apulumuke.

Mu 1882 amishoni awiri a bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika ndi dzina lalifupi lakuti UMCA, anafika kunyanjako wapansi. Maina ao anali William Percival Johnson ndi Charles Janson. A Janson anadwala namwalira pa Chia pomwepo, Leonard ali kamwana ka zaka ngati zisanu. A Johnson anatsala, ndipo anatumikira m'mbali mwa nyanjayo kufikira imfa yao mu 1928. Sitima yoyamba ya mishoni inapatsidwa dzina la Charles Janson, ndipo mu 1885 mishoni inakhazika likulu lake pa cisumbu ca Likoma. Sitimayo inali kuyenda mudzi ndi mudzi, kusiya aphunzitsi ndi kutenga anyamata ofuna sukulu. Umo ndi mmene Uthenga Wabwino unampezera Leonard kwao.

Amishoni a UMCA sanali kubatiza munthu msanga. Poyamba munthu anali kukhala m'gulu la akumva, kumvetsera Mau cabe. Akaonetsa khama anali kulandira kamtanda pamaso pa anthu onse ndi kulowa kalasi, ndipo ubatizo unali kubwera patapita zaka. Leonard anadutsa njira yonseyi, ndipo atakula anaigwiritsa nchito pophunzitsa ena.

MAPHUNZIRO KU ZANZIBAR

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Leonard anatumizidwa ku Zanzibar kukaphunzira pa St Andrew's College ku Kiungani. Sukuluyi inayamba ngati malo olerera ana opulumutsidwa m'zombo za akapolo, ndipo pambuyo pake inakhala yophunzitsa aphunzitsi ndi atumiki a mpingo. Zanzibar unali mzinda wa Sultan, wodzala ndi mizikiti, ndipo Akristu anali kagulu kakang'ono. Chalichi cacikulu ca Christ Church cinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873.

Kumeneko mnyamata wa ku Chia anaphunzira Ciswahili ndi Cingelezi, ndipo anaona ndi maso ake mmene Asilamu apempherera kasanu pa tsiku, mmene asalira kudya mwezi wa Ramadani, ndi mmene alemekezera buku lao la Korani. Anabwerera kunyanja akudziwa kuti Msilamu ndi munthu wa cipembedzo cake cokhazikika, wokhala ndi aphunzitsi ake ndi malamulo ake. Atagwirako nchito ya uphunzitsi ndi kuonjezera maphunziro a zaumulungu, anadzozedwa kukhala dikoni mu 1902.

PA NKHOTAKOTA, MUDZI WA JUMBE

Malo oyamba kumene anatumizidwa monga dikoni anali Nkhotakota, kugombe la kumadzulo kwa nyanja. Ca m'ma 1840 Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika kumeneko natenga udindo wa Jumbe. Iye ndi amene anamtsatira anamanga zombo zoolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa. Anabweretsanso ulimi wa mpunga, Ciswahili ndi Cisilamu. David Livingstone anakumana ndi Jumbe kumeneko m'zaka za m'ma 1860 kumdandaulira za malonda a anthu, koma malondawo anapitirira kwa zaka zina makumi atatu.

Mishoni ya pa Nkhotakota inatsegulidwa mu 1894 ndi Bambo Arthur Fraser Sim, amene anamwalira caka cotsatira. Mu 1895 momwemo Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja pa ulendo wopita ku Likoma, ndipo mtembo wao unaikidwa pa Nkhotakota. Caka comweco boma la Angelezi linacotsa Jumbe wotsiriza pampando ndi kumtumiza ku Zanzibar. Conco dikoni Kamungu anapeza mudzi umene mphamvu ya mafumu ake inathyoledwa ndi azungu, koma cikhulupiriro ca anthu ake cili cilili.

Apa pali cinthu cimene tiyenera kucimvetsa. Kwa Msilamu wa pa Nkhotakota, mishoni ndi boma zinali kuoneka ngati zala za dzanja limodzi. Amene anacotsa Jumbe anali Mngelezi, ndipo amene anamanga chalichi analinso Mngelezi. Mlaliki wakuda wovala mkanjo wa mishoni anali kukaikiridwa asanatsegule ndi pakamwa pomwe. Nchito ya dikoni inali ya tsiku ndi tsiku: kuphunzitsa ana sukulu, kuyendera midzi yozungulira wapansi, kuphunzitsa akumva ndi a m'kalasi, kucezera odwala ndi kuika maliro. Ambiri amene analowa mpingo anali ocokera m'midzi ya Acewa ndi mabanja a anthu amene kale anali akapolo. Asilamu eni mudzi ambiri anakhalabe m'cipembedzo cao.

PA LUNGWENA, M'DZIKO LA AYAO

Pambuyo pake a Kamungu anatumizidwa ku Lungwena, kugombe la kum'mawa ca kummwera, pakati pa Malindi ndi kwa Makanjira, m'boma limene lero lichedwa Mangochi. Mfumu Makanjira inali imodzi mwa mafumu oyamba a Ayao kulowa Cisilamu, ca m'ma 1870. Inalimbana ndi asilikali a Angelezi kwa zaka zingapo kufikira inagonja mu 1895. Ena anaganiza kuti malonda a akapolo akatha, Cisilamu cidzazilala. Zinacitika zosiyana. M'zaka zimenezo ndi mmene cinafalikira kwambiri m'midzi ya Ayao, cifukwa mashehe ndi aphunzitsi ao anayenda mudzi ndi mudzi, kuphunzitsa ana kuwerenga zilembo za Ciarabu ndi kumanga mizikiti. Anthu amene anagonjetsedwa ndi mfuti anapeza m'cipembedzo cao cinthu cimene mzungu sakanatha kuwalanda.

Kumeneko a Kamungu anali mlendo ngakhale anali munthu wakuda mnzao. Iwo anali Mnyanja, ndipo cinenero ca kumaloko ndi Ciyao. Makolo ambiri anali kukaniza ana ao kupita ku sukulu ya mishoni poopa kuti akabatizidwa. Mantha amenewa anali ndi maziko, pakuti sukulu ya mishoni ndiyo inali khomo lolowera mu mpingo.

Tiyeni tiganizire cimene munthu wa m'mudzi wotero anali kutaya akafuna kutsata Kristu. Mnyamata anali kulowa ukulu kudzera m'jando, ndipo jando linali litalumikizana kale ndi Cisilamu. Nyama yodyedwa pamudzi inali yozingidwa mwa lamulo la cipembedzo, ndiye wotembenuka anali kukaikiridwa kuti adya zodetsedwa, mpaka abale kuleka kudya naye mbale imodzi. Ukwati unali m'manja mwa ankhoswe ndi amalume, ndipo mwamuna anali kukhala kwao kwa mkazi, conco wosiya cipembedzo anali kuika banja lake pa ngozi. Munda unali kugawidwa ndi mfumu. Maliro ndi sadaka zinali za mudzi wonse, ndipo funso lowawa koposa linali lakuti adzakuika ndani ukadzafa. Munthu akabatizidwa, mpingo unayenera kukhala mai wake, malume wake ndi adzukulu okumba manda ake.

M'malo otero mpingo sukula msanga, ndipo kufikira lero dera la Lungwena ndi la Asilamu ambiri. A Kamungu anakhalabe kumeneko zaka zingapo, kuphunzitsa ocepa amene anabwera ndi kusunga mapemphero a m'mawa ndi madzulo. Mu 1909 Bishopu Gerard Trower anawadzoza kukhala wansembe. Ansembe akuda amene anawatsogolera m'dayosizi imeneyo anali ocepa: Bambo Yohanna Abdallah, Myao amene anadzozedwa mu 1898 natumikira pa Unangu, ndi ena monga Bambo Augustine Ambali a pa Msumba. A Kamungu akumbukiridwa monga wansembe woyamba wa Anglican wocokera pakati pa Anyanja ndi Acewa eni nyanja. Anasankha kukhala osakwatira, monga anali kucitira amishoni a UMCA, cinthu cimene cinali cacilendo kwambiri pa mwambo wa kwao.

ULENDO WA KU MSORO

Kuno kwathu zinthu zinali zitasintha. Mu 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo anaphedwa. Boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, linakhazikitsidwa pambuyo pake. Amishoni a Dutch Reformed ocokera ku Orange Free State anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903. Mu 1910 mpingo wa Anglican unakhazikitsa dayosizi ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu woyamba anali John Edward Hine, amene kale anali bishopu wa ku Likoma ndi ku Zanzibar.

Panafunika munthu wokayamba nchito pakati pa Akunda, kwa mfumu Msoro, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, kumadzulo kwa Fort Jameson. Bambo Kamungu anavomera kupita. Anasiya nyanja imene anabadwirako, nsomba zake ndi sitima ya mishoni imene inali kubweretsa makalata ndi abale, nayenda wapansi masiku ambiri kulowa m'dziko la mitunda ndi zigwa. Pofika mu 1911 anali atakhazikika pa Msoro. Masiku amenewo sicinali cizolowezi kuti mishoni yatsopano itsegulidwe ndi kuyendetsedwa ndi wansembe wakuda popanda mzungu womuyang'anira pamalopo. Bambo Kamungu anasenza udindo umenewo.

Ife a kuno tidziwa mmene cigwa ca Luangwa citenthera mwezi wa October, ndi mmene Lupande adzalira nthawi ya dzinja mpaka njira kutsekeka. Zaka zimenezo cigwaco cinalinso ndi mbiri ya matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi nchenche za kashembe, kotero kuti boma linatumiza madokotala kudzawafufuza. M'malo amenewo Bambo Kamungu, pamodzi ndi aphunzitsi ocokera kunyanja, anatsegula masukulu m'midzi, anamanga nyumba ya mapemphero, ndi kuyamba makalasi a akumva. Zimene sizinacitike pa Lungwena m'zaka zambiri zinacitika pa Msoro m'zaka ziwiri: anthu anabwera ambiri, ndipo gulu loyamba la Akunda linabatizidwa iwo akali moyo.

Mlalikiyo anali yemweyo, Uthenga unali womwewo, ndi khama linali lomwelo. Cimene cinasiyana ndi nthaka. Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 3 atikumbutsa kuti wina abzala, wina athirira, koma wokulitsa ndi Mulungu. Kuleza mtima kumene anaphunzira pa Nkhotakota ndi pa Lungwena ndiko kunawathandiza kuti asathamangire kubatiza khamu la anthu osaphunzitsidwa pamene zitseko zinatseguka pa Msoro.

IMFA NDI CIKUMBUTSO

Bambo Kamungu anamwalira pa Msoro pa 27 February 1913, ali ndi zaka ngati 36. Anthu ambiri kuyambira nthawi imeneyo akhulupirira kuti anadyetsedwa poizoni m'cakudya, ndipo cifukwa ca ici ena awachula kuti ndi wofera cikhulupiriro. Anaikidwa pa Msoro pomwepo, kutali ndi abale ao a ku Chia.

Caka cotsatira, mu 1914, mai Dora Yarnton Mills a UMCA anatulutsa kabuku ka mbiri yao kochedwa An African Priest and Missionary, ndipo mu 1971 John Weller analemba buku lina lochedwa The Priest from the Lakeside. Mpingo wa Anglican uwakumbukira caka ndi caka pa tsiku la imfa yao. Ku Zomba, m'dziko la Malawi, kuli sukulu yophunzitsa ansembe yochedwa Leonard Kamungu Theological College. Pa Msoro, pamene anayamba ndi kanyumba ka maudzu, lero pali chalichi cacikulu ca St Luke ca dayosizi ya Eastern Zambia, cipatala ndi masukulu.

ZIMENE TITENGAPO IFE A KU KAPATA

Mu Chipata muli mizikiti, ndipo mbandakuca timamva kuitana kwa ku mapemphero tikali m'nyumba zathu. Mabanja a Amwenye Acisilamu akhala mu tauni muno kuyambira masiku a Fort Jameson, ndipo ambiri a ife tinagwirapo nchito m'masitolo ao ku Down Shops kapena kugula katundu wa oda kumeneko. Pa msika wa Kapata tigulitsa pamodzi ndi Ayao ndi Acewa anzathu amene ndi Asilamu. Ena a ife tili ndi alamu, apongozi ndi adzukulu a cipembedzo cimeneco. Nkhani ya Bambo Kamungu itikhudza m'njira zinai.

Coyamba, iwo anapita akudziwa anthu amene anali kukakhala nao. Ambiri a ife sitidziwa cimene mnansi wathu Msilamu akhulupirira, kupatula zimene tinamva kwa ena. Sitidziwa kuti iye alemekeza Yesu monga mneneri Isa, wobadwa mwa namwali Mariamu, koma savomereza kuti ndi Mwana wa Mulungu kapena kuti anafa pamtanda. Wosadziwa pamene tigwirizana ndi pamene tisiyana amangoyamba mkangano. Makalasi athu a acinyamata ndi misonkhano ya akulu a mpingo ziyenera kuphunzitsa zimenezi moona, popanda kunamizira anthu zimene sakhulupirira.

Caciwiri, umboni wathu uyenera kukhala wa ulemu. Petro woyamba 3:15 atilamula kukhala okonzeka kufotokoza ciyembekezo cathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Mlaliki amene aimika zokuzira mau pafupi ndi mzikiti ndi kunyoza mneneri wa anthu ena sapindula munthu, koma atseka makomo amene anansi abwino anatsegula m'zaka zambiri. Wanchito Mkristu wosaba m'sitolo ya bwana wake Msilamu, ndi mai wofika pa maliro a mnzake ndi nkhuni ndi ufa, alalikira ulaliki umene umveka. Dziko lathu linalengezedwa mu 1991 kuti ndi la Cikristu, koma malamulo ake apatsa munthu aliyense ufulu wa cipembedzo. Ife ndife ambiri kuno, ndipo wambiri ayenera kusamala kuti asapondereze wocepa. Uthenga umene ubwera ndi mphamvu ya boma kumbuyo kwake umakaikiridwa, monga zinalili pa Nkhotakota.

Cacitatu, tisakope munthu ndi katundu. Thumba la ufa, malipiro a sukulu kapena lonjezo la nchito zikakhala nyambo, tipeza dzina m'kaundula koma mtima uli kwina. Tithandize wosowa cifukwa ndi wosowa, akhale Mkristu kapena Msilamu. Ndipo wina akabwera yekha kufuna ubatizo, tisamthamangitse. Aphunzire mokwanira, awerengere mtengo wake, ndipo ngati ndi mwana, makolo ake adziwe.

Cacinai, munthu wotero akabatizidwa, nchito yathu ndiye yayamba. Mwina adzacotsedwa panyumba, mwina adzataya malo ake a malonda, mwina banja lake lidzagwedezeka. Tidzifunse pa cikondwerero cino: kodi m'zigawo zathu muli nyumba imene ingamlandire miyezi itatu? Kodi thumba la osowa la mpingo lingamthandize kuyambanso kageni? Kodi tidzaimirira ngati ankhoswe ake, ndi kumuika m'manda mwaulemu tsiku lake likadzafika? Tiyeneranso kumlimbikitsa kuti asadane ndi abale ake, koma apitirize kulemekeza atate ndi amai ake monga lamulo lacisanu linena. Cimodzimodzi, mwana wathu akakwatiwa ndi Msilamu kapena akalowa Cisilamu, tisamtaye. Khomo la kwao likhale lotseguka, ndipo pemphero la makolo lisaleke.

Pa zaka 50 zimenezi talandira zambiri kucokera kwa anthu amene anasiya kwao. Uthenga unafika m'cigawo cino pa mapazi a alendo, ena ocokera kutsidya la nyanja zazikulu, ena ocokera m'mbali mwa nyanja ya Malawi monga Bambo Kamungu. Iwo anatumikira zaka 11 cabe kucokera pa udikoni kufikira imfa, ndipo zambiri mwa zakazo anazithera pamalo pamene zipatso zinali zosaoneka. Mpingo umene wakwanitsa zaka 50 wakula mokwanira kuti nawonso utume ana ake ndi kuwasamalira kumene apita, ngakhale malipoti ao a caka atakhala ndi manambala ocepa.

Tipempha akulu a mpingo, amai ndi acinyamata kuti akonze ulendo wokaona Msoro, pakuti ndi pafupi, mtunda wosafika makilomita 100 kucokera mu tauni. Ana athu akaone kuti mmodzi wa amishoni oyamba m'cigawo cino anali munthu wolankhula cinenero cathu. Ambuye amene anasunga mtumiki wao pa Nkhotakota, pa Lungwena ndi pa Msoro atipatse nafenso mtima wofatsa, lilime loona ndi manja otseguka kwa anansi athu onse m'zaka zikubwerazi. Amen.